Zitseko za Achimwene

Kiyi anatembenuka bwinobwino, loko sanavute. Mzime anakankha chitseko chachitsulo cha kumaso ndi phewa, poti m'manja munali tsache, ndowa ndi mopu. Anabwera kudzasesa. Mlamu wake, mwini nyumbayo, anali m'basi m'mawa umenewo, akubwera kudzaona nyumba yake koyamba chichokereni banja lomwe linkachitamo lendi.

Anatula ndowa pabalaza n'kuima chilili. Zoti zitseko za m'kati mulibe ankadziwa kale, anaziona ndi maso ake zikupita kokapakidwa vanishi. Koma pakhoma, pomwe panali maswitchi ndi masoketi, panali timaenje, nthambo zitadulidwa mpaka m'tsinde. Kukhitchini sinki kunalibe, kunangotsala paipi yoyang'ana kumwamba. Mipope yonse inali itamasulidwa. Kubafa anapeza chimbudzi chokha, mwina chinawalemera.

Anazungulira mawindo onse. Panalibe galasi losweka, panalibe chitsulo chopindika. Amene anachita izi analowa ndi kiyi, ndipo potuluka anakhoma mwaulemu.

"Aneba! Zafika zitseko zija?"

Anali mayi wa nyumba yoyandikana nayo, telala, yemwe makina ake ankakhala pakhonde moyang'anana ndi geti. Anasuzumira pampanda, tepi ili m'khosi, pini ali pakamwa.

"Amayi, anthu aja anabweranso?"

"Anzanu aja? Anabweranso m'mawa mwake atatenga zitseko. Anatenga sinki ndi tina ndi tina, akuti a ejenti agula zatsopano. Anthu aulemu, anafunsanso za inu."

"Si anzanga."

"Ii, nanga si munkaseka nawo tsiku lija? Ine ndinati ndiwafunse, koma nditaona eni ake akuwagulira zoziziritsa kukhosi, ndinangobwerera pa makina anga." Mayiyo anamuyang'anitsitsa, kenako anachotsa pini pakamwa. "Mwana wanga, kwagwanji?"

Mzime anabwerera m'nyumba.

Nyumbayo anamanga ndi achimwene ake, kalipentala, omwe anamulera iye makolo atamwalira. Zina zonse anagula kapena kulemba aganyu, koma zitseko za m'kati anapanga okha m'chaka chawo chomaliza, matenda atawagwira kale. Ankapala thabwa atakhala pampando, n'kupumira, n'kupalanso. Achimwenewo atamwalira, mkazi wawo, mlamu uja, anapeza ntchito pachipatala china chakutali, ndipo anafuna kuti msuweni wake alowe m'nyumbamo aziyang'anira. Amene anakana anali Mzime.

"Alamu, zapachibale zimathera kudana. Masiku ano nyumba timapereka kwa anthu odziwa ntchito, okhala ndi ofesi."

Munthu anali naye kale, mnzake wa kukoleji, ejenti wopezera anthu nyumba za lendi, amene tsopano aliyense ankangomutchula kuti Makiyi. Mlamu anangoti, "Za m'tauni ukuzidziwa ndiwe," n'kumupatsa makiyi awiri, wina wake, wina wa ejenti.

Ndiye Loweruka lina, banja la lendi lija litachoka, akuchokera kuntchito, Mzime anatsika minibasi kuti angoona nyumba. Anapeza geti lili chitsegukire, galimoto ya pikapu ili pabwalo, amuna ovala maovolosi akutulutsa zitseko.

"Atituma a ejenti, madamu," anatero wamkulu wawo akuvula chipewa. "Tikazipale pang'ono, tizipake vanishi, wolowa adzapeze zonyezimira."

Mtima wake unangoti myaa. Ndiye kuti Makiyi wadzuka! Anawadzudzula anthuwo chifukwa chosanjika zitseko popanda choyala. Analowa m'kachipinda kosungira katundu, natenga bulangete lakale, nathandiza kuliyala pakati pa zitsekozo kuti zisakandike. Anawagulira zakumwa pagolosale. Anajambula chithunzi n'kutumizira mlamu wake ndi mawu akuti, "Mwaona ubwino wa ejenti?" Pomaliza anawagwirira geti kuti mphepo isalimenyetse pagalimoto.

Tsopano anasiya tsache pabalaza, nakhoma nyumba yopanda kanthuyo, nathamangira kwa Makiyi.

Ofesi yake inali kachipinda pamwamba pa sitolo yogulitsa penti. Munali desiki, fani yosazungulira, ndi bolodi lokhomedwa misomali kuseri kwa mpando. Pa msomali uliwonse pankalendewera nyumba ya munthu.

"Madamu landilodi! Khalani pansi. Mwabwera kudzandiyamikira?"

"Unatuma anthu kukachotsa zitseko?"

"Zitseko ziti?"

Mzime anakhala pansi. M'njira monse anali ndi kachiyembekezo kuti mwina wapupuluma, mwina pali tanthauzo lina. Kanathera pa mawu awiriwo.

Anafotokoza zomwe anapeza. Makiyi anatembenuka, nayendetsa chala pa bolodi.

"Kiyi wanu ndi uyu, ali pamalo pake."

"Wamugwirapo ndani?"

"Ofuna nyumba. Munthu akabwera ndimamupatsa, akaone, abweze."

"Akaone yekha?"

"Nanga ndiperekeze aliyense? Miyendo ndili nayo iwiri ngati yakoyo. Amasiya nambala ya foni."

"Imba."

"Ndiimbire uti? Nyumba ija anthu anaikonda, anabwera ambiri."

Anaimba nambala ina, inali yozimitsa. Anaimba ina, anayankha mwana. Makiyi anaika foni padesiki mokhala ngati wachita mbali yake.

"Kudulitsa kiyi wina kumsika n'kwa kanthawi kochepa," anatero Mzime. "Sunaganizepo?"

Asanayankhe, pakhomo panasuzumira bambo wina wa chikwama chakumsana. "Bwana, ija ya pafupi ndi sukulu." Makiyi anatambasula dzanja kumbuyo osacheuka n'komwe, nakolola makiyi, nawaponya. "Mubweze dzuwa lisanalowe." Mzime anamvetsera nyumba ya munthu wina ikutsika masitepe m'thumba la mlendo.

"Ndikupita kupolisi," anatero. "Anthu aja ananena okha kuti wawatuma ndiwe."

Makiyi anaweramira kutsogolo. "Ananena kwa ndani?"

Mzime anayang'ana fani.

"Unawapeza? Akukweza?" Nkhope ya Makiyi inayamba kumasuka. "Sisi, usandiuze kuti unawathandiza."

Makiyi anaseka mpaka kutsokomola, akumenya desiki.

"Mayo ine! Ndiye ine ndinapereka kiyi osaona nkhope, iwe nkhope unaziona n'kuzitsegulira geti. Kupolisiko tikakhala benchi imodzi. Bwanji sunandiimbire?"

"Foni zanga suyankha."

"Uthenga wokha?"

Uthenga anatumiza, inde. Unapita kwa mlamu.

Makiyi anapukuta misozi, natsitsa mawu. "Tamvera. Alamu ako akudziwa kuti zitseko zili kwa opaka vanishi, eti? Zisiye zikhale komweko. Za sinki ndi mipope uwauze kuti tikusintha. Mawa akwera basi abwerera. Ine ndipeza kalipentala, aike zina, tipake vanishi wakuda. Akadzabweranso m'nyumba muli anthu. Adzalowa kuchipinda kwa eni kukanunkhiza zitseko? Chitseko ndi chitseko. Iwe sutchula za bolodi langa, ine sinditchula za geti lako."

Choipa chake chinali chakuti zinkamveka zotheka. Bodzalo linali litamangidwa kale, ndipo analimanga ndi Mzime yemwe asakudziwa. Chomwe chinatsala chinali kungotseka pakamwa. Anatuluka osavomera, osakana, ndipo Makiyi anamukuwira ali pamasitepe, "Moni kwa alamu!"

Mlamu anatsika basi ndi kachikwama kamodzi. Anali ataonda pang'ono, imvi zitayamba m'mbali.

"Mzime, wanenepa! Ulandilodi wakuyanja."

"Ndi diresi chabe, alamu."

"Diresi limatupitsa masaya?"

Mlamu anaseka yekha. Pofika panyumba, telala anawalonjera mwachidule, nayang'ana Mzime kamodzi, naweramira pa makina ake. Makinawo analira mwamphamvu kuposa masiku onse.

Mlamu anavula nsapato pakhomo ngakhale pansi panali fumbi. Anaona timaenje ta pakhoma.

"Izinso akusintha?"

"Ee." Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Ndi sinki yomwe? Koma mnzakoyu ndi wakhama."

Anadutsa pabalaza, nakaima pakhomo la chipinda chomwe ankagona ndi mwamuna wake. Anayendetsa chala pa felemu, pomwe panali mahinjesi.

"Anamasula bwino, sanang'ambe thabwa. Ukuona? Ndi anthu odziwa ntchito, monga unanenera."

Mzime anagwira tsache lomwe analisiya m'mawa, kuti manja akhale ndi chochita.

Mlamu anatsegula kachikwama kake, natulutsa botolo lokulungidwa m'nsanza. "Awa ndi mafuta opaka matabwa, omwe ankagwiritsa ntchito achimwene ako. Vanishi wonyezimira ankadana naye, ankati amabisa nkhope ya thabwa. Ndinafuna kukuuza tsiku lomwe unanditumizira chithunzi, koma ndinaona kuti wasangalala, ndinati ndisakugwetse mphwayi. Ngati sanapake kale, tiye undiperekeze komwe zili, ndikawapatse ndekha." Anamwetulira mwamanyazi. "Komanso ndazisowa. Usandiseke. Cha kuchipinda kunochi chili ndi kamfundo pafupi ndi chogwirira, ndinkakagwira ndikamatuluka."

Mzime akanatha kunena kuti n'kutali. Akanatha kunena kuti lero sakutsegula. Mawu onsewo anali okonzeka pa lilime, ndipo Mzime anadabwa kuti anabwera mosavuta chonchi.

"Alamu, kulibe komwe ndingakuperekezeni."

"Watani?"

"Zitseko zinabedwa. Ndi sinki, ndi mipope, ndi zonsezi. Anthu aja sanatumidwe ndi ejenti. Iye amangopereka makiyi kwa aliyense wofuna kuona nyumba. Ndadziwa m'mawa uno. Ndipo pakhomo paja ndakunamizani."

Mlamu sanakuwe. Anatembenuza ndowa, nakhalapo, botolo lili pamiyendo. Anatulutsa foni, nafufuza chithunzi chija, nachikulitsa ndi zala ziwiri. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kunja makina a telala anali atasiya kulira.

"Bulangete ili analitenga kuti?"

"Ndinawapatsa ndine. Kuti zisakandike."

"Ndi lomwe anafunda kuchipatala. Ndinalisunga dala."

Mzime anafuna kunena pepani, koma mawuwo anaoneka opepuka kwambiri m'nyumba yopanda zitseko, momwe chilichonse chinkamveka chipinda ndi chipinda.

"Unawagulira ndi zakumwa, eti? Mabotolo akuoneka apa."

"Ee."

"Tinakulera bwino," anatero mlamu, osaseka. Anayendetsanso chala pa foni. "Nambala ya galimoto ikuoneka mbali imodzi. Nkhope ya wachipewayu ikuoneka yonse. Tipita kupolisi. Ukalankhula ndiwe, ndipo ukanena zonse, za bulangete zomwe, za geti zomwe. Koma tiyambe tadzera kwa mnzakoyo."

Makiyi atawaona anadzuka, nakonza kolala. "Mayi athu! Mwayenda bwanji? Musadandaule, zonse zili m'manja abwino, zitseko zanu zikungodikira kuuma."

Mlamu anangotambasula dzanja.

Makiyi anayang'ana Mzime. Mzime anayang'ana pansi, kenako anadzikakamiza kudzutsa maso.

"Ndawauza."

"Zonse? Chifukwa mayi, madamu anuwa nawonso..."

"Ndamva kale," anatero mlamu. "Kiyi wanga, bambo."

Makiyi anatembenuka, ulendo uno moyang'anitsitsa, nakolola kiyi pa msomali. Anayamba kunena za mgwirizano, za mbiri ya ofesi yake, za kuvuta kwa anthu masiku ano. Mlamu anali atayamba kale kutsika masitepe.

Panja, pakhomo la sitolo ya penti, anaimbira msuweni wake. Anamuuza kuti abwere ndi mphasa ndi loko watsopano, agone m'nyumbamo kuyambira lero. Atatseka foni anatembenukira kwa Mzime, natambasulanso dzanja lomwe lija.

Onse awiri ankadziwa kuti loko asinthidwa dzuwa lisanalowe, ndipo kiyi wakaleyo sadzatsegulanso kanthu. Dzanjalo silinabwerere.

Mzime anatulutsa makiyi ake m'chikwama. Waya womangira makiyiwo anali wolimba, chikhadabo chinathyoka asanachotse kiyi wa nyumbayo. Mlamu anadikira osathandiza. Atalandira, anaika makiyi onse awiri m'kachikwama, pafupi ndi botolo la mafuta, natseka zipi.

"Tsogola," anatero. "Za m'tauni ukuzidziwa ndiwe."