Chikasu cha Kumtundu

Ziphuphu za Subira sizinali zamasewera. Zinkatupa m'masaya ndi kumsana mpaka kutuluka mafinya, moti anzake a pasukulu ya othawa nkhondo ku Chiponde ankamutcha chinanazi. Anamwino a pamsasa anamupatsa makapisozi, ndipo nkhope inayamba kusalala. Koma sabata yachisanu, atangochira malungo amene anamukanitsa chakudya masiku atatu, Lusia, mayi amene ankamulera, anaona kuti maso a mtsikanayo achita chikasu.

Anamwino analetsa makapisozi aja nawalembera kalata ya kuchipatala cha ku Mangochi. Lusia ndi Subira anakwera lole m'mawa. Mayi wina wogulitsa tomato anasendera kuti Subira atsamire thumba lake, ndipo Lusia anamuikako mayiyo m'pemphero lake.

Lusia sanamubereke Subira. Pothawa ku Mandimba zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, anamutola ali kamwana pambali pa mtembo wa Asiatu, mnzake woyandikana naye nyumba. Atafika ku Malawi anamulembetsa ngati mwana wake, ndipo nkhaniyo sanaikambenso, ngakhale ndi Subirayo. Tsopano nkhondo inali itatha, ndipo mumsasa munkayenda anthu olemba maina a ana opanda makolo kuti awatumize kwa abale awo. Mwana amene ankaleredwa m'nyumba yoyang'anana ndi yawo anali atatengedwa kale kupita ku Lichinga, kwa amalume amene sankawadziwa.

Kuchipatalako, adokotala, a Jaffalie, anamuyang'ana Subira m'maso, namudina pansi pa nthiti.

"Pakupweteka?"

"Ayi, pakungonyerenyesa."

"Chabwino, ndiye sunafe." Anamutenga magazi, kenako anatembenukira kwa Lusia. "Mayi, kumtundu kwanu alipo amene maso ake amachita chonchi? Inuyo? Agogo ake?"

"Ine ayi," anatero Lusia. Limenelo silinali bodza.

"Ganizani bwino. Pali mabanja ena obadwa ndi chiwindi chochedwa kuchotsa chikasu. Akadwala kapena akakhala ndi njala, maso amasintha, koma si zoopsa. Ngati kwanu kulibe zotere, ndiyenera kukayikira makapisozi aja, ndipo ndimugoneka m'chipatala."

Lusia anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. A Jaffalie anamuyang'ana kanthawi.

"Iwe Subira, pita uko kwa anamwino athu, a Dinala, akakuyeze pasikelo. Uwauze akuyeze kawiri, sikelo yathu ndi yabodza."

Chitseko chitatsekeka, Lusia anayankhula motsitsa mawu.

"Mwanayu ndi wa mnzanga, adokotala. Anamwalira panjira. Mnzangayo akamasala mwezi wa Ramadani, maso ankachita chimodzimodzi. Bambo akenso, amene anali telala. Ana tinkawaseka kuti adya mazira ambiri."

"Atelalawo anamwalira ndi chiyani?"

"Ndi ukalamba. Ankasokabe mano onse atatha."

A Jaffalie anatenga cholembera. Lusia anatambasula dzanja ngati akufuna kuchigwira.

"Chonde, musalembe. Andilanda."

"Ndikulemba za chiwindi, mayi. Zinazo si matenda, ndipo ine ndimalemba matenda okha."

Anawauza kuti adikire zotsatira za magazi mpaka masana. Anakhala pansi pa mtengo wa mango panja pa chipatala. Bambo wina wodikirira mkazi wake anawagawira chinangwa chootcha, osafunsa kuti ndi ndani kapena achokera kuti. Lusia anayesa kupemphera, koma sankadziwa choyamba kupempha, chiwindi cha mwanayo kapena kuti asamulande. Anangoti, "Ambuye, mukudziwa."

Atawaitananso, a Jaffalie anali akumwetulira.

"Chiwindi chake chili bwino kuposa changa. Makapisozi sanachikhudze. Chimene chakwera pang'ono ndi chikasu chokha, cha kumtundu chija, ndipo chitsika akayamba kudya. Komabe makapisoziwo adikire. Mubwere pakatha masabata awiri tidzayezenso, ndipo kulikonse kumene angakalandire mankhwala muzinena za chikasuchi."

"Ndiye ziphuphu zibwerera?" anafunsa Subira.

"Mwina pang'ono. Anyamata a ku Chiponde apirira."

"Aaa, adokotala!"

Lusia sankatha kuwerenga bwino, koma dzina lake ankalizindikira. Analiona pakhadi la chipatala la Subira, pamzere wa mayi, monga mmene linalili kale. Anapinda khadilo nalimanga pachitenje.

Pa depoti, akudikira galimoto ya ku Chiponde, Subira anayankhula osamuyang'ana.

"Amayi, sikelo ija inali ndi mzere wautali. Ndinangoima pakhomo."

Lusia anatembenuka kumuyang'ana.

"Maso a mayi ondibereka ndimawakumbukira," anapitiriza Subira. "Ndi mpango wobiriwira. Ndinkaopa kunena, ndimati mukhumudwa."

"Ukufuna tikawauze olemba maina aja? Mwina abale ako alipo."

"Ngati alipo, tidzapita kukawaona tonse, tidzabwereranso tonse. Ine sindikwera lole ya ku Lichinga ndekha."

Lusia anagwedeza mutu movomereza.

"Koma amayi, adokotala anena kuti ndisamakhale ndi njala. Mwamva nokha. Zitumbuwa zili apozi."

Lusia anaseka, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, ndipo anadzuka kukagula zinayi.