Penti Yofiira pa Bokosi la Gitala

"Tsitsani bokosilo, achimwene."

Blaise anaima. Anali pakati pa msewu wokwera phiri la Zomba, dzuwa lili paliwombo, pomwe amuna anayi onyamula matabwa anamutsekera njira. Wamkulu wawo, a Stambuli, anali ndi chikwanje ndipo sanachibise.

Munali mu Okutobala, chaka chomwe mphekesera za anamapopa, anthu oti amapopa anzawo magazi, zinali zitafika m'midzi yozungulira tawuni. Aliyense wachilendo wonyamula chikwama ankamuyang'ana kawiri.

"Ndi gitala chabe, bambo."

"Tiona. Saiti, iwe unafika fomu thuu. Tawerenga apa."

Saiti, mnzawo wa ndevu, anawerama. "Ma-ga-zi a Dzu-lo."

Amayi ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu anasiya kucheza.

Magazi a Dzulo inali bandi yachitatu ya Blaise. Yoyamba, Chiswe, anaiyambitsa ku Chirunga asanasiye koleji. Inkaimba panki, nyimbo zothamanga zonyoza aliyense wovala tayi, ndipo inatha woimba ng'oma atalembedwa ntchito m'boma n'kugula tayi yakeyake. Yachiwiri, Nyundo, inayamba mwaukali koma inathera kuimba m'maukwati. Blaise anachokamo akutukwana. Yachitatu inali ya metulo, phokoso lolemera ngati galimoto ya miyala, ndipo anali awiri okha, iye ndi Elvis wa mawu okhadzula. Elvis ndiye analemba dzinalo pabokosipo ndi penti yofiira, n'kumulumbiritsa kuti gitala imeneyo sidzaimbanso za paukwati.

Tsiku limenelo Elvis anali atakwanitsa chaka ali m'manda. Blaise ankapita kudamu la pamwamba pa phiri, komwe awiriwa ankayeserera nyimbo kuyambira pomwe eni nyumba a ku Likangala anatopa nawo, kuti akamuimbire.

A Stambuli anatsegula bokosilo ndi nsonga ya chikwanje. Pambali pa gitala panali zingwe zakuda zopindapinda, sipika ya mabatire, ndi kabokosi kachitsulo kopondera ndi phazi.

"Mapaipi aja si awa?" anatero Saiti. "Kopopera ndi aka."

Wina anaimba mluzu. M'nkhalango ya paini munatuluka amuna ena atatu. Blaise anaona mmodzi akutola mwala, osafulumira, ngati akusankha tomato pamsika.

"Inu a Stambuli, musatiike m'mavuto," anatero a Loyce, mayi wa mabulosi. "Akuti ndi woimba. Aimbe timve."

"Imbanitu," anatero a Stambuli.

Blaise analumikiza zingwe. Phazi lake, mwa chizolowezi cha zaka zinayi, linaponda kabokosi kaja. Sipika inabangula. Phokosolo linagunda thanthwe n'kubwerera, ndipo mayi wina anataya dengu akukuwa.

"Mwamva? Makina amenewo! Ayamba kukoka!"

Mwala unam'peza paphewa. Anthu aja anayandikira mpaka anamva fungo la utomoni m'malaya mwawo.

Anapondanso kabokosiko, kubangula kunazima. Anaika zala zake pa nsambo. Kenako zinapita zokha komwe zinaletsedwa: kanyimbo kopepuka, kodumphadumpha, kolowera akwati m'holo, komwe anakaimba Loweruka lililonse ali ku Nyundo mpaka kudana nako.

A Loyce anawomba m'manja. "Iyitu! Pa ukwati wa Zuleka ku Likangala! Si inu aja owonda a kumbuyo, osasekerera aja? Tinkati mkwati anakulandani mkaziyo inuyo!"

Wina anaseka, wina n'kutsatira. Yemwe anali atatolanso mwala anaugwetsa pansi. Saiti anayamba kugwedeza mapewa, kenako anachita manyazi.

A Stambuli okha sanaseke. Anadikira nyimbo ithe, n'kutembenuza chikwanje, chigwiriro chiloze kwa Blaise.

"Msewu uno uli ndi anthu kumtunda ndi kumunsi komwe. Enawo sakakuuzani kuti muimbe. Palani dzinalo."

Blaise anagwada. Anayamba ndi M. Pa G anachedwa, chifukwa pamenepo Elvis anaseka burashi ili m'manja, ndipo chilembocho chinapindika ngati mbedza. Anachipala nachonso. Tizidutswa tofiira tinamatirira pa thukuta la m'manja mwake.

Atatseka bokosilo anayang'ana kumtunda. Damu silinkaoneka. Anatembenukira kutawuni.

"Achimwene," a Loyce anamutsatira, akumupatsa mabulosi odzaza dzanja. "Mwana wanga akukwatiwa Disembala. Mundisiyire nambala."

Blaise anayang'ana malo otuwa pabokosipo. Kenako anawatchulira nambalayo, pang'onopang'ono, kuti asalakwitse.