Othirira Nazale ya a Kenan

"Tifuna madzi ambili, abwino, a anthu onse," anawerenga motero a Kenan, wapampando wa komiti ya madzi ku Chikomeni, kenaka n'kupinda kalatayo monyadira ngati alemba buku lathunthu.

Eness ankamvetsera mtima uli m'mwamba. Iye ndi mwamuna wake anachokera ku Kasungu, ku Malawi, n'kuwoloka malire kudzalima fodya m'munda wa a Kenan, pamodzi ndi mabanja ena khumi, koma m'kaundula wa mudzi munalibe ndi mmodzi yemwe wa iwo. Chaka chimenecho, 1995, mtsinje unauma, ndipo bungwe lina linalonjeza thanki ndi mipopi. Misasa yawo ikanapanda kulowa m'kalata ya zofunikayo, Eness akanapitiriza kuyenda maola awiri kukafukula mchenga kudambo, mwana ali kumsana.

Injiniya wa bungwelo, mayi Petronella, anaseka. "Ba Kenan, omanga azanifunsa: ambili ni angati? Onse ni ndani? Nizayankha chani?"

Anang'amba mapepala m'kope lake n'kulemba chinthu chimodzi pa pepala lililonse: thanki, mpopi, ng'ombe, nazale ya fodya, wotunga madzi. Anawayala pansi pabwalo la sukulu, n'kuwapsinja ndi timiyala.

"Tiyambe tagwilizana kuti chilichonse apa ni chani, na kuti chigwilana na chiti. Kalata tizalemba pambuyo."

"Mwatibweza ku giledi wanu, amama!" anafuula bambo wina, anthu n'kuseka.

Petronella sanalabadire. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula mizere m'fumbi: thanki ipereka ku mpopi, mpopi upereka kwa wotunga, wotunga amwetsa ng'ombe. Pepala la nazale linatsala palokha.

"Iyi imamwa madzi?"

"Kupambana ng'ombe," anayankha a Kenan. "Makamaka mu Okutobala."

"Amaithilila ndani?"

"Ba ku Kasungu. Koma aja ni alendo chabe, sitinawawelenge."

"Ndiye kuti nazale yanu imathililiwa na anthu amene kulibe? Samwa, sasamba, saphika?"

Apa anthu anaseka mpaka ena kugwira nthiti. A Kenan sanali munthu woipa ayi. Anali ngati ambiri a ife, amene timaona fodya akubiriwira osaona manja amene amuthirira. Anayang'ana pepala lija kwa nthawi, akukanda kumutu.

Petronella anatembenukira kwa Eness. "Amama, imwe mumatapa mabaketi angati pa siku?"

Eness anachita mantha, pakuti chibwerereni palibe anamufunsapo kanthu pamsonkhano. "Zapakhomo ndowa zisanu. Za nazale makumi awiri, dzuwa likakula."

"Makumi awili!" anadabwa amayi Jemima, msungi wa makiyi a tchalitchi. "Ndiye thanki imene tinali kupempha sembe yauma pa teni koloko! Lembani kuti wotunga ni aliyense wobwela na baketi, kaya ni wa kuno, kaya ni wa ku Malawi."

A Kenan anatenga cholembera okha. Analemba mawu a amayi Jemima, n'kuwonjezera mabanja khumi ndi limodzi aja. Thanki inakula papepala, ndipo pansi pake panabwera mzere watsopano wonena kuti mpopi umodzi ukhale pafupi ndi misasa, pamtunda woti mayi wosenza ndowa afike osapumira panjira.

Eness anasendera kutsogolo. Anagwada n'kuomba m'manja. "Yewo chomene," anatero m'Chitumbuka chake chopunduka, misozi ikulengeza. Anali wothokoza ndi mtima wonse, ndipo sanachite nazo manyazi.

"Nyamukani, amama," anatero Petronella. "Nchito ikalipo. Tiyeni mukatilangize pamene mpopi uzakhala."

Anatsetsereka onse mpaka kumisasa. Eness anasankha malo pansi pa mtengo wa msuku, pamene ana amasewera, n'kuloza ndi phazi. A Kenan anavula jekete, anapempha nkhwangwa, n'kukhoma chikhomo cha mpopiwo ndi manja awo.