Nambala Imene Fiyori Anakwecha

Mlendo wa ku Asmara ankabwera Loweruka, ndiye sabata yonseyo pakhomo pa a Ogbai panalibe chinthu chokhala pamalo pake. Akazi awo, a Letebrhan, anazira pansi, anachapa nsalu zonse, n'kuchapanso zimene anali atachapa kale. A Ogbai ankangolowa ndi kutuluka. Apite kumunda, abwerere kudzanunkhiza mowa wa suwa ngati wapsa. Akhale pampando, adzambatuke.

"Aboy, mwataya chiyani?" anafunsa Fiyori, mwana wawo wamkazi.

"Palibe. Iwe ona zako."

Chimene mlendoyo ankadzaona chinali chivundikiro cha mbiya yaikulu yosungiramo tefu, mbewu yawo ya ufa, kuchipinda chamdima. Chinali chitsulo chopepuka, chopindika pang'ono ngati msana wa kamba, chokhala ndi chogwirira chathabwa pakati. Malemu agogo ake a Fiyori ankati anachitola ali kamnyamata koweta mbuzi, chaka chimene Angerezi ndi Ataliyana ankamenyana m'mapiri a ku Keren. Ndege yankhondo inagwa kumunsi kwa munda, ndipo iwo anathandiza akuluakulu kukwirira woyendetsa wake ndi miyala. Zitsulo zina amisiri anazisandutsa mapoto kalekale. Ngodya ya munda imeneyo banjalo silinailimepo.

Vuto linali lakuti agogowo ankakonda suwa, ndipo ndegeyo inkakula pa chikho chilichonse. Atamwalira, chitonzo chinatsalira mwana wawo, a Ogbai. A Haregot, oyandikana nawo munda, ankati chitsulocho n'cha galimoto ya Ataliyana, miyalayo n'miyala basi.

"Ogbai wa ndege," ankatero akakumana panjira, "lero munyamuka nthawi yanji? Mundisungireko mpando wa pawindo."

Fiyori ankaona makutu a bambo ake akugwa, koma iye sanali munthu wa pakamwa. Ngakhale kusukulu, yankho akulidziwa, dzanja linkakana kukwera. Chimene ankatha ndi kugwira ntchito. Choncho Lachisanu m'mawa anatulutsa chivundikirocho padzuwa, ndipo anachita manyazi atachiona: utoto wobiriwira wothimbirira, zilembo zakuda zosuluka, fumbi la zaka. Chinthu chotere achionetse mlendo? Anatenga phulusa, mchenga ndi ndimu, n'kukhala kuseri kwa khola. Anakwecha mpaka zala zinachita matuza. Pomaliza chinkawala ngati poto watsopano wa pamsika. Anachikulunga m'nsalu yoyera, mtima uli mbee.

Mlendoyo, Ato Zerai, anafika dzuwa litakwera. Anali bambo waimvi, amene anakhala zaka zambiri kunja akukonza ndege zakale zankhondo, ndipo maso awo ankangothamangira kuchitseko chamkati. Koma khofi sathamangitsidwa. A Letebrhan anakazinga, anafukiza lubani, anathira koyamba, kachiwiri, kachitatu. Mlendo ankagwedeza bondo. A Ogbai ankapukuta thukuta. Amuna a pamudzi anadzaza pakhomo, a Haregot patsogolo penipeni. Fiyori anakhala kumbuyo kwa mayi ake akutsuka timakapu.

Kenako a Ogbai anabweretsa mtolo uja n'kuumasula. Chitsulo chinang'anima.

"Mwaona?" anatero, akumwetulira modabwa. "Ngati chachokera kufakitale dzulo."

Ato Zerai sanamwetulire. Anachitembenuza, anachiyang'ana ndi kagalasi, anachinunkhiza.

"Ndimu," anatero chapansipansi. "Ato Ogbai, pafoni paja munati pali utoto ndi zilembo."

"Zinalipo."

"Ndabwerera zimenezo. Chidutswa ngati ichi ankachipanga kuti chikwane pa ndege imodzi yokha, ndiye ankalembapo nambala ya ndegeyo kuti chisasokonekere. Nambalayo ikanatiuza ndege yake, ndi dzina la munthu ali pansi pa miyala yanu. Popanda iyo..." Anachiika pansi mosamala. "Wakwecha ndani?"

"Ndege yauluka," anatero a Haregot, "yatisiyira mbale."

Anthu anaseka, ena akubisa kukamwa. Fiyori anasiya kutsuka timakapu. Bambo ake anayang'ana nsalu yoyera ija, anayang'ana zala zake zamatuza, kenako anayang'ana pansi.

"Ndinalamula ndine," anatero a Ogbai. "Ndinati chiyere."

Chimenecho ndicho Fiyori sanathe kupirira. Pamwamba pa bodza limene ankawanamizira, tsopano anene bodza lenileni chifukwa cha iye?

"Ndine, Aboy." Mawu anatuluka aang'ono, moti anabwereza. "Ndine ndinakwecha. Sananditume munthu. Koma zilembozo ndikuzidziwa."

Maso onse anatembenukira kwa iye. Ankafuna kulowa m'mbiya ya tefu.

"Nena, mwanawe," anatero Ato Zerai.

"Ndimachitukula m'mawa uliwonse potapa tefu. Panali V, kenako 7, kenako chogwirira, kenako 4."

"Kenako chogwirira," anabwereza mlendoyo. Anakoka chitsulo chija n'kuchiyandikiza kumaso. "Pansi pa thabwali unafikapo?"

"Ndinayesa ndi kamtengo. Kanathyoka."

"Mulungu adalitse kamtengoko."

Anapempha chilolezo chochotsa chogwiriracho. A Ogbai anazengereza, poti anachikhoma ndi malemu bambo awo. A Letebrhan sanadikire. Anadzuka n'kubwera ndi mpeni wakale.

"Apongozi anga anatisiyira thabwa ndi chitonzo," anatero. "Chimodzi chichoke lero."

Ato Zerai anawongola misomali kunsi pang'onopang'ono, ngati akuchotsa minga kuphazi la mwana. Thabwa linatukuka. Pansi pake panali kamzere ka utoto wobiriwira, kotakata ngati zala ziwiri, kosakhudzidwa. Pakamzerepo panali 6 wakuda bii, wathunthu. Nambala inzake dzimbiri la msomali linali litaidya.

Anayang'ana nthawi yaitali. Anayeza kukhuthala kwa chitsulo, anasisita timabowo ta m'mphepete, anajambula zithunzi.

"Utoto uwu, kalembedwe aka, timabowo iti, si za galimoto," anatero pomaliza. "Ichi n'cha ndege yankhondo ya Angerezi. Pamenepo ndikhoza kulumbira paliponse. Bambo anu sananame, Ato Ogbai."

A Ogbai anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Ine ndinkanena kale," anatero a Haregot, "kuti galimoto za masiku amenewo zinali zachilendo."

"Mpando wa pawindo uja ukuufunabe?" anafunsa a Letebrhan, ndipo ulendo uno anthu anaseka a Haregot.

Koma Ato Zerai anali asanamalize. Anati ndege ziwiri zimene zinasowa m'mapiri amenewa zinali ndi 6 pamalo omwewo. Imodzi nambala yake inkathera ndi 4, ndipo woyendetsa wake anali ndi abale amene akufunsabe mpaka lero.

"Ndiye ndi iyeyo," anatero a Ogbai.

"Mwina. Koma 4 ali m'mutu mwa mwanayu, pachitsulo palibe. Sindikuti akunama. Kungoti pa ntchito yanga, chimene sindinachione sindichitsimikiza. Abalewo ndidzawauza kuti mwina." Anatembenukira kwa Fiyori. "Kamzere katsalaka kasaone madzi. Wamva?"

Fiyori anagwedeza mutu. Mawu akuti mwina anamukhala pachifuwa ngati mwala.

Mlendo atapita, anthu anatsala akumwa suwa, nkhani ya agogo ikufotokozedwa ndi anthu omwe ankaiseka. Fiyori anayesa kusesa, anasiya. Anayesa kutsuka mbale, anapeza wazitsuka kale. Dzuwa litapendeka anaona bambo ake akutsikira kumunda, iye n'kuwatsatira.

Anaima pa miyala ija. A Ogbai anatola mwala umene unagubuduka n'kuubwezera pamwamba.

"Uja 4," anatero osamuyang'ana, "unamuona bwino?"

Fiyori anatsinzina. Ankamuona, ndi kamwendo kake kosuluka. Kenako ankaona phulusa likumufafaniza, ndiye n'kuyamba kudzikayikira. Anatsegula maso.

"Ndinamuona, Aboy."

"Basi. Kwa ine zakwana." Anamugwira dzanja, n'kuona matuza aja. "Upake batala."

Kwa bambo ake zinakwanadi. Koma kwinakwake kunali anthu amene adzalandire mwina, pamene akanalandira dzina.

Atabwerera kunyumba, Fiyori ananyamula chivundikirocho kukavundikira tefu. Chinalibe pogwira, moti anachita kuchikola ndi zikhadabo m'mphepete. Asanatseke chitseko anawerama n'kuyang'ana pamene panali 4. Anangoona nkhope yake.