Madziwo Afike Pati?

1.
Chingalawa cha Nowa ndinachijambula Lolemba. Lachiwiri njovu ziwiri, nkhanga ziwiri, mbuzi zitatu, imodzi ndinafufuta. Lachitatu phiri, ndipo poti ine Dikisoni Mulepa ndinakulira kuno ku Phalombe, pakhoma la tchalitchi panatuluka Michesi, ndi zigwembe zake zomwe. Ndinatsala ndi chitini cha penti wabuluu ndi funso.

Madziwo afike pati?

2.
Ntchitoyi anandipatsa ndi mayi Namakhwa, mkulu wa mpingo. Anaima pansi pa makwerero, manja kumbuyo.

Adutse phiri, bambo Mulepa.
Lonse, mayi?
Lonse. Nsonga yomwe isaoneke.

3.
Dikisoni ali ndi mlongo wake, Enelesi, amene ntchito yake ndi kuyeza madzi m'mitsinje. Lachinayi anamupeza pakhonde akutsuka magambuti.

Achemwali, madzi oti amize mapiri onse alipo padziko pano?
Enelesi anaseka. Mwayamba liti kuwerenga Genesis, achimwene?
Sindikuwerenga. Ndikupenta. Dzanja limakana kujambula chinthu chimene mutu sunachione.

4.
Zomwe Enelesi analemba ndi khala pasimenti:

nyanja zamchere, pafupifupi madzi onse ali mmenemo kale
madzi oundana kumalekezero a dziko, atasungunuka onse nyanja zikwera mamita ngati makumi asanu ndi awiri
madzi apansi pa nthaka
Malawi, Chilwa, Shire, Ruo, zitsime, migolo, mkodzo wa ng'ombe
mitambo yonse, itakhuthuka tsiku limodzi paliponse, madzi ake safika n'pakakolo pomwe

5.
Basi?

6.
Basi achimwene, tengani mpira wamiyendo muupake penti kamodzi, mpirawo ndiye dziko, pentiyo ndiye nyanja zonse zomwe zimameza sitima zija, ndipo kuti Sapitwa yekha, nsonga ya phiri lalitali kuposa onse kuno ija, amire mufunika madzi ena ochuluka pafupifupi ngati onse alipowa, nanga kuli mapiri kunjaku otalika pafupifupi katatu kuposa Sapitwa, amenewo mufunika kuwirikiza katatu n'kupitirira, ndiye mudzifunse kuti anachokera kuti, ndipo mvula italeka anapita kuti, poti madzi sathawa padziko, amangosamuka ngati alendi, lero mumtambo mawa m'chitsime mkuja m'mimba mwa mwana, komabe ine sindikukanizani kupenta, Nowa sanali ndi ndodo yoyezera ngati yangayi, munthu amene wakhala pamadzi osaona mtunda kulikonse kumene watembenukira akakuuzani kuti dziko lonse linamira sakunama

7.
Iwe Dikisoni, ukubwerera njinga ukungoikankha. Ukuyang'ana mtambo umodzi uli pamwamba pa msika n'kumauyeza ndi maso, ndowa zingati mmenemo? Ukuyang'ana phiri. Ukulikonda phirili, makamaka mmene walijambulira, ndipo mumtima wapeza chifukwa chabwino cholisiyira poonekera.

Madziwo afike pati? Pamapazi a phiri. Ukukoka mzere wa choko pamenepo.

8.
Lachisanu mayi Namakhwa anapeza mzere uja. Ndinawafotokozera zonse, mpira, penti, kakolo. Ndinkayembekeza vesi. Iwo anakhala pabenchi n'kumvetsera mutu uli chopendekera.

Mitambo yonse? Osafika n'pakakolo?
Wanena choncho Enelesi, mayi.
Nanga apansi pa nthakawo anawayeza ndani? Analowamo?
Sindinafunse.
Mukafunse. Ndikufuna kudziwa. Mwana uja ndi wanzeru, ndipo sindikumutsutsa.

Ndiye mzerewu ukhale?

Anakweza maso n'kuyang'ana phiri la pakhomalo.

9.
Ine Estere Namakhwa sindinapemphe phiri. Ndinati chingalawa, nyama ndi madzi. Lachitatu ndikulowa kudzakonza maluwa a paguwa, ndinangoliona lili m'kati, pamwamba pa guwa, zigwembe zonse m'malo mwake, ngakhale chija chakumanzere chimene napolo anatsikira chaka chija, miyala ndi matope zikubwera ngati sitolo ikuyenda. Mwana wanga Filesi anali kudimba. Tinakumba masabata awiri.

Phirili ndimaliona ndikamatuluka m'nyumba, ndikamatunga, ndikamayanika zovala. Malo amodzi okha amene ndinkakhala osaliona anali muno.

Ndinamuuza mmisiriyo zimenezi, mawu ochepa. Ndinati madzi oti amize Michesi kulibe, ndamva, koma m'chitini chanucho alimo okwanira.

Anavundula pentiyo ndi kamtengo. Anayamba pansi, akukwera, buluu akudya dimba, mitengo, miyala. Atafika pachigwembe chakumanzere anatsika, anasunsa bulashi, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Ndinavula nsapato. Ndinakwera.