Chidebe Chofiira cha a Telala

Nzeru ya zidebe inali ya Sajeni, ndipo Sajeni sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Usilikali sanaulaweko. Dzinalo analitola ali mlonda wa pagolosale, koma atamusankha kukhala wapampando wa gulu la chitetezo cha m'mudzi, n'kumupatsa jekete yonyezimira ndi njinga ya belu, dzina lija linapeza mwini wake.

Ntchito ina ya gululo inali kuzonda okalamba okhala okha. Vuto lake, okalambawo anali ambiri, nyumba zawo zotalikirana, ndipo aliyense ukangomufunsa kuti wadzuka bwanji, ankayamba nkhani ya bondo kuchokera chaka chimene linayamba kuphwanya. Achitetezo ankafika nyumba yachitatu dzuwa lili paliwombo, minda yawo ikumera thengo. Ndiye Sajeni anagawa zidebe zofiira zapulasitiki. Ukadzuka bwino m'mawa, uzikoleka chidebe chako panja poonekera. Wachitetezo akachiona, aziliza belu n'kudutsa. Chikapanda kuoneka, azitsika n'kugogoda, ndipo akapanda kuyankhidwa azithyola chitseko. Madzulo chidebe chizibwerera m'nyumba.

A Telala analandira chawo ndi manja awiri. Anali atasokera anthu moyo wawo wonse, Sajeni yemweyo kabudula wake woyamba wa kusukulu anatuluka pamakina awo, n'chifukwa chake ankamutchula kuti iwe ngakhale atavala jekete. Tsopano maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo miyendo m'mawa inkadzuka mochedwa kuposa mwini wake. Chaka chathachi anaterereka kubafa. Mwana wawo wamkazi wa kutauni, amene onse ankangomutcha Mzime, anabwera n'kulankhula ali chiimire.

"Bambo, mukadzagwanso kamodzi kokha, ndidzakutengani. Sitidzakambirananso."

Nambala yake anaisiya m'foni ya Sajeni.

Kutauniko a Telala anakagonako kale. Anakaona kachipinda kamene kankawadikira, ka zenera loyang'ana mpanda wa njerwa. Kuno anali ndi khonde lawo, makina awo pafupi ndi zenera, ndi anthu odutsa oti n'kuwanena kuti thalauza lawakulira. Ankaopa kachipinda kaja kuposa imfa, ndipo sankabisa.

Tsono anaganiza mofatsa. Tsiku lina miyendo idzachedwa, Sajeni adzapeza palibe chidebe, adzalowa, adzawaona akulimbana ndi kutsika pabedi, ndipo foni idzalira kutauni. Mankhwala ake anali apafupi. Anayamba kukoleka chidebe madzulo, dzuwa likangolowa, pamtengo wa chingwe choyanikapo zovala. M'mawa belu linkawapeza ali m'bulangete, chidebe chitawadzukira kale. Pamsonkhano Sajeni anawatamanda kuti ndi nkhalamba yachitsanzo.

Tsoka silinunkha. Tsiku limenelo mvula inagwa n'kusiya kusanache. A Telala anadzuka, anatsekula loko wa chitseko, ndipo potembenuka phazi linakodwa mu tepi yoyezera imene inali lende pampando. Anagwera cham'mbali pakati pa bedi ndi makina. Atayesa kudzuka, chiuno chinawauza kuti iwalani.

Pasanapite nthawi anamva njinga ikubwera, tcheni chake chikukhula chivundikiro monga mwa masiku onse. Belu linalira.

"Zikomo a Telala! Mukutinyaditsa!"

Mawu anali nawo a Telala, ndipo zenera linali chapafupi. Akanangoti "iwe" Sajeni akanamva. Koma kuseri kwa Sajeni ankaona foni, kuseri kwa foni ankaona mpanda wa njerwa. Anatseka pakamwa. Njinga inapita ikukhula mpaka inazimiririka, iwo n'kudziuza kuti apume pang'ono, adzuka okha.

Munthu akagona pansi m'nyumba mwake amaona katundu amene anamulira kalekale. Kunsi kwa makina kunali mabatani osiyanasiyana, choko cholembera pansalu, ndi bobini yokulungapo ulusi imene anakanganirana ndi mnzawo wina wosoka mpaka kusiya kupatsana moni. Mnzawoyo anamwalira akukanabe kuti sanabe. Kunsi kwa bedi, kukhoma kwenikweni, kunali patapata mmodzi wa malemu akazi awo, wodyeka chidendene. A Telala anamuyang'ana nthawi yaitali, chifukwa kwina koyang'ana kunalibe, komanso chifukwa anawasowa mayiwo koopsa.

Anayesa kudzikoka ndi mwendo wa makina. Makina anasuntha, iwo ayi. Anayesa kugwira bulangete, bulangete linabwera lonse n'kuwafunditsa kumutu, ndipo panapita kanthawi kuti alichotse.

Dzuwa litakwera, malata anayamba kuthetheka. Kukhosi kunauma gwa. Mtsuko unali kuseri kwa chitseko, kapu ili pamwamba pake, mtunda woti mwana wokwawa angafike osalira. Apa mpamene anavomera kuti zavuta, n'kuyamba kukuwa.

"Sajeni! Iwe Sajeni!"

Koma Sajeni ankadutsa m'mawa basi. Anthu ena amene ankapita m'njira chapatali ankaona chidebe chofiira chili pamalo pake, ndipo dera lonse linali litaphunzitsidwa bwino tanthauzo lake. Panalibe wopatuka. Inayankha ndi nkhuku, imene inasuzumira pazenera, n'kuwayang'ana ndi diso limodzi, kenako linalo.

Chakumasana mawu anayamba kutha. Mantha anawagwira enieni, oti afera pansi ngati mphemvu, panja chidebe chikuuza anthu kuti ali bwino, ndipo mawa chidzawauzanso zomwezo. Anaitanabe, motsitsa tsopano. Patapita nthawi anazindikira kuti dzina limene likutuluka pakamwa pawo si la Sajeni. Ankaitana Mzime, monga ankamuitanira ali kamtsikana kuti adzawalowetsere ulusi pasingano.

Dzuwa litapendeka anamva tcheni chija, ulendo uno chikukhula mothamanga. Njinga inagwetsedwa pansi. Kunamveka kugogoda.

"N'chosakhoma," anatero a Telala, koma mawuwo sanafike ngakhale pamtsuko.

Sajeni anali atadikira miyezi yambiri kuti gawo lomaliza la lamulo lake ligwire ntchito. Sanayese n'komwe chogwirira. Anabwerera m'mbuyo, anathamanga, ndipo chitseko chinalowa m'nyumba pamodzi ndi iye. Anadzuka, matope akumunda ali m'miyendo, jekete ataivala chokhotakhota.

"Kalanga ine, achikulire!"

"Madzi," anatero a Telala.

Sajeni anawadzutsa mutu n'kuwamwetsa pang'onopang'ono. Kenako anatuluka, n'kubwera ndi chidebe chija, chodzaza mpaka m'milomo, n'kuchikhazika pamaso pawo ngati umboni.

"Ine ndili kumunda ndikupalira, mtima ukungoti pali chimene ndaona. Zidebe za anzanu zonse zinali zouma m'mawa muja. Chanu chokha chodzaza. Ndiye ndikuti, mvula inasiya kusanache, nanga madziwa alowa liti? Ndapalira mpaka dzuwa kupendeka ndisanamvetse. Mutu wangawu umachedwa, achikulire, koma umafika."

"Wafikadi."

"Mwayamba liti zimenezi?"

"Usanandiyamikire pamsonkhano paja."

Sajeni anakhala pachitseko chothyoka chija. Anatulutsa foni, anaiyang'ana, anaibwezera m'thumba. Zinamupweteka, chifukwa zidebezo zinali nzeru yokhayo imene anthu ankamudziwa nayo. Komanso a Telala ankawakonda.

"Tamverani. Ndiitane anzanga tikunyamuleni kupita kuchipatala. Kwa Mzime tingonena kuti ndi malungo. Malungo sagwetsa munthu, amangomugoneka."

A Telala anayang'ana makina, khonde limene tsopano linkaoneka lonse popeza chitseko panalibe, ndi patapata uja kunsi kwa bedi. Mwayi womubisira Mzime, umene anautsekera pakamwa m'mawa, unali utabwera wokha.

"Muimbire," anatero.

"Mukudziwa zimene anene?"

"Ndakhala ndikumuitana kuyambira masana. Kungoti ndilibe foni. Muimbire, iwe."

Kuchipatala anati fupa lachita mng'alu, lilumikizana koma lifuna woyang'anira. Mzime sanakalipe, zimene zinawaopsa a Telala kuposa kukalipa. A Telala atatuluka m'chipatala, Mzime anabwera ndi galimoto yonyamula katundu. Makina anakwera poyamba, atakulungidwa m'bulangete. Patapata uja a Telala anamuika m'thumba la jekete osauza munthu. Sajeni anakonza chitseko yekha, chinakhala chopendama, ndipo analonjeza kuti azidzasesa pakhonde. Anawauzanso kuti lamulo lasintha: chidebe chikhalepo chisakhalepo, wachitetezo azitsika n'kumva mawu a mwini wake. Nkhani za mawondo zinali zitayambiranso, ndipo minda inali pamavuto.

A Telala anakwera atagwira chidebe.

"Chimenecho ndi katundu wa gulu," anatero Sajeni.

"Bwera udzalande."

Sajeni anayang'ana kumbali n'kuliza belu.

Kutauni kachipinda kanali komwe kaja, mpanda womwe uja. M'mawa woyamba a Telala anadzuka movutikira, anagwira ndodo, n'kukoleka chidebe pachogwirira cha chitseko, kunja. Ulendo uno anachikoleka pa nthawi yake. Anabwerera pabedi n'kumamvetsera nsapato za Mzime zikuyendayenda m'nyumba, munthu wochedwa kuntchito. Nsapato zija zinaima pakhomo. Chitseko chinatseguka.

"Bambo, nanga chidebechi chikutani apa?"

"Chikunena kuti ndadzuka bwino. Ukachiona uzingodutsa, mayi. Usamachedwe chifukwa cha ine."

Mzime anachiyang'ana chidebecho, anawayang'ana bambo ake. Anachikolola, n'kuchivundikira pansi pafupi ndi bedi, n'kukhalapo, chikwama cha kuntchito chili pamiyendo.

"Chabwino, chanena," anatero. "Tsopano ndiuzeni inuyo. Mwadzuka bwanji?"

A Telala anayang'ana kumpanda. Kenako anayamba ndi bondo.