Chigamulo cha Dinala

M'mwezi wa Febuluwale chaka cha 1983, chimanga chitamasula ngayaye m'minda ya ku Lungwena, msewu wopita ku boma utadukaduka ndi mvula, pa nthawi imene munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani m'thumba, a Simioni Dinala anakwera njinga yawo kupita ku Mangochi kukamva chigamulo cha mlandu wa munthu amene anapundula mwana wawo.

Mwanayo anali Paulo, msodzi wamphamvu, katswiri pokoka khoka la chilimira. Chaka chapitacho, m'nyengo ngati yomweyi, mvula ikukhuthuka m'mawa, munthu wina anamudzera kumbuyo pa kanjira ka m'munda namutema ndi chikwanje paphewa. Paulo sanamuone. Amene anaona ndi mkazi wake Marita, yemwe ankabwera chapatali ndi ndowa pamutu. Iye anaona msana wa munthu wovala malaya ofiira ukulowa m'chimanga, ndipo analumbira kuti anali Blackson, mnzake wa Paulo amene anali atakangana naye pa za malo oyanikapo usipa. Bala linapola, koma dzanja linafota, ndipo silinagwirenso nkhafi.

Achibale ankafuna kukatentha nyumba ya Blackson, koma a Simioni anawaletsa. Iwo ankalikhulupirira khoti monga munthu akhulupirira bwato limene linamuwolotsa pa mwera, ndipo chifukwa chake mudzi wonse unkachidziwa. Mu 1968 iwo anagamulidwa kukakhala kundende ku Zomba zaka zisanu ndi ziwiri, powaganizira kuti anatentha nyumba yosungiramo makoka. Mboni inali imodzi, mkulu wina dzina lake Atumani, amene anati anawaona akuthawa mu utsi. Wansembe wa ku mishoni anawathandiza kuchita apilo, ndipo Khoti Lalikulu ku Blantyre linawamasula. Pambuyo pake anamva kuti mlanduwo unasindikizidwa m'buku limene oweruza amawerenga. Kuyambira pamenepo, pamaliro kapena potuluka m'tchalitchi, sankatopa kunena kuti, "Ife dzina lathu lili m'mabuku a boma." Achinyamata ankawaseka mwamseri, koma ankawapatsa mpando.

Tsiku la chigamulolo m'khoti munadzaza anthu, mukununkha zovala zonyowa. Paulo anakhala pafupi ndi bambo ake, dzanja lopuwalalo atalisanjika pamwendo. Marita anakhala kumbali ya amayi. Blackson anaima m'bokosi, ataonda, maso ali pansi.

Majisitireti anali mwamuna wachichepere, wochokera kutali, wosadziwa aliyense ku Lungwena. Anayamba kuwerenga chigamulo chake m'Chingerezi, womasulira akudikira. Kenaka anatambasula dzanja natenga buku lachikuto chakuda, nalitsegula pamene anapisapo kapepala. Pakati pa mawu achilendowo, a Simioni anamva liwu limodzi losafuna kumasulira: Dinala. Analimvanso kachiwiri. Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe, ndipo anagunda Paulo ndi chigongono.

"Wamva? Akutchula ine. Lero aona."

Womasulira anatsokomola nayamba: "Khoti likuti lamva chisoni ndi kuvulala kwa Paulo Simioni. Likuti silikukayika kuti mayi Marita anena zimene akukhulupirira mumtima mwawo. Koma likuti khoti laling'ono limaponda m'mapazi a khoti lalikulu. Pa mlandu wa apilo wa Dinala, Khoti Lalikulu linagamula kuti mboni imodzi imene yangoona munthu mwakanthawi, chapatali, ali chofulatira, ikhoza kulakwitsa ngakhale ili yoona mtima. Ndipo kuti popanda umboni wina wochirikiza, nkoopsa kumanga munthu. Pano chikwanje sichinapezeke. Malaya ofiira sanapezeke. Uko kunali utsi, kuno kunali mvula, koma nkhani ndi imodzi. Choncho khoti likumasula Blackson."

Majisitireti anatseka buku, osadziwa kuti mwini wake wa dzinalo wakhala pa benchi lachitatu, chipewa chili m'manja. Anthu a ku Lungwena okha ndiwo anatembenuka kuyang'ana a Simioni. Akuluakulu amati mlandu suwola. A Simioni anali asanaganizepo kuti ngakhale mlandu wopambana ukhoza kudzuka ndi kumutsata munthu mpaka kwa mwana wake.

Panja, mvula inali itakata. A Simioni anaima pansi pa mtengo wa mango pamene anayedzeka njinga, nayamba kumasula loko. Pamenepo ndi pamene anawapeza a Gordon, wapampando wa chipani m'dera lawo, munthu wonenepa, woseka msanga, amene anakulira nawo limodzi pasukulu ya mishoni. Pambuyo pawo pankabwera Marita ndi Paulo.

"Achimwene," anatero a Gordon, "buku lanu lija lakulumani lero. Galu woweta nokha!"

A Simioni anaweramira njinga yawo.

"Musade nkhawa. Makhoti a mabuku ndi a ophunzira. Ife tili ndi njira yachidule." A Gordon anatsitsa mawu, nayang'ana uku ndi uku. "Inu ndinu mkulu wa mpingo, mawu anu amalemera. Mungobwera ku ofesi, munene kuti munamumva Blackson akuti khadi la chipani ndi pepala lokulungira fodya. Basi. Galimoto ibwera yokha. Kumene akapite kulibe buku, kulibe apilo. Mboni imodzi yakwana."

Marita anagwada m'matope momwemo, chapatali pang'ono monga mwa ulemu wa mpongozi, koma mawu ake analibe mantha.

"Apongozi, ine ndinamuona. Kayendedwe kake ndikukadziwa kuyambira pamene ndinakwatiwa ku Lungwena. Kodi maso angawa ndi a nkhuku? Adzukulu anu akudya zopempha, Blackson mawa akwera bwato ndi manja awiri. Nenani mawu awiriwo, apongozi."

"Dzuka, mwanawe, wanyowa."

"Sindidzuka musanayankhe."

A Simioni anayang'ana Paulo. Paulo ankayang'ana dzanja lake. Tsidya la msewu, Blackson anali atakumbatiridwa ndi mayi ake, nkhalamba yopanda nsapato, imene inkalira mokweza. Ndipo a Simioni anamva udani ukukwera m'chifuwa mwawo ngati madzi olowa m'bwato lobooka, pakuti mumtima mwawo sankakayika konse kuti Blackson ndiye anatema mwana wawo. Mawu awiri okha, ndipo munthuyo akanasowa ngati mwala woponyedwa pakuya.

Koma maganizo awo anabwerera kwa Atumani. A Simioni atatuluka kundende, anakumana naye pamsika wa nsomba, ndipo anayembekezera kuti mkuluyo achita manyazi ndi kuwerama. Atumani sanawerame. Anawayang'ana m'maso nati, "Azungu a ku Blantyre akumasulani, koma ine ndinakuonani." Sanali munthu wabodza. Ankapemphera kasanu pa tsiku, sankabera munthu pamuyeso, ndipo anamwalira akukhulupirirabe kuti anaona Simioni mu utsi muja, pamene Simioni tsikulo anali gone ndi malungo kwa mlongo wake.

"A Gordon," anatero pomaliza, "ine sindinamumve Blackson akunyoza khadi."

"Ndani wati munamumva? Ndati munene."

"Sindinena."

"Ndiye mukuti sanateme ndi iye?" anafunsa Marita.

"Ndi iyeyo. Mtima wanga ukundiuza kuti ndi iyeyo. Koma amene ananditumiza ku Zomba naye mtima wake unkamuuza kuti ndi ine. Khomo limene ndinatulukira ine ndi lomwelo watulukira Blackson lero. Ndikalitseka ndi bodza, ndiye kuti nanenso ndinatuluka mwakuba."

A Gordon anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma. "Mawu okoma, achimwene. Mukawaphike, adzukulu akadye." Anavala chipewa nanyamuka. Atayenda pang'ono anatembenuka: "Zimene tayankhula pano sizinayankhulidwe."

Marita anadzuka, nasasa matope pachitenje chake. Sanawayang'anenso apongozi ake. Anagwira mwamuna wake pa dzanja labwinolo, nalowera naye kumene kunkaima malole. Paulo anacheuka kamodzi, natsata mkazi wake.

A Simioni anabwerera okha ku Lungwena, akukankha njinga m'malo oduka. Chimanga chisanakololedwe, Marita anatenga mwamuna wake ndi ana kupita kwawo ku Katuli, ndipo kumeneko Paulo anaphunzira kuluka madengu ndi dzanja limodzi, akugwiriza ndi zala za kuphazi. Blackson anabwerera kunyanja, ndipo akakumana ndi a Simioni panjira ankapatukira kutchire. Amene anatema Paulo sanadziwike m'khoti lililonse. Chigamulo cha Dinala chinapitiriza kuwerengedwa m'makhoti a dziko lino, koma a Simioni sananenenso kwa munthu kuti dzina lawo lili m'mabuku a boma.